Mpingo wa Matchona: Mbiri ya Akhristu a ku Nyasaland ku Halale

Palibe munthu wa mu Blantyre amene sadziwa pa Wenela. Ndi pamene anthu amakwerera mabasi, ndi pamene amachingamira alendo ndi matumba a chimanga ochokera kumudzi. Koma ambiri mwa achinyamata amene amadutsa pamalowa tsiku ndi tsiku sadziwa kumene dzinali linachokera. Wenela ndi katchulidwe ka chidule cha dzina la bungwe la eni migodi ya golide ya ku South Africa, Witwatersrand Native Labour Association, limene linkalemba amuna ntchito kuno n'kuwatumiza ku Joni. Bungwelo linatha kalekale, dzina lokha ndilo linatsala pa depoti.

Ku Zimbabwe kuli dzina linanso lokhudza mzinda uno. Ashona amatcha anthu ochokera ku Malawi kuti Mabhurandaya, ndiye kuti anthu a ku Blantyre, kaya munthuyo kwawo ndi ku Nkhata Bay, ku Dowa kapena ku Nsanje. Kawirikawiri ndi dzina lonyoza. Komabe anthu onyozedwawo anachita chinthu chimene akhristu ambiri a kuno sanachimvepo: anayambitsa mpingo kudziko la eni, m'chilankhulo cha kwawo, mbusa asanawafikire. Mpingowo ulipo mpaka lero, ndipo ndi CCAP Sinodi ya Harare.

Wina akhoza kudabwa kuti bwanji nkhani ya mpingo wa CCAP ikupezeka m'kalata ya parishi ya Katolika. Chifukwa chake n'chakuti pa mipingo yonse imene Amalawi anayambitsa kunja, uwu ndiwo uli ndi mbiri yaitali ndi yooneka bwino, ndipo mafunso amene unakumana nawo ndi omwewo amene akugogoda m'maparishi a mu Blantyre ndi Limbe masiku ano. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata chake cha mu 1964 chonena za umodzi wa akhristu, unalimbikitsa Akatolika kuzindikira ndi kuyamikira zabwino zimene Mulungu amachita pakati pa akhristu a mipingo ina.

Chimene chinkawachotsa kumudzi

Dziko lino litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, sipanatenge nthawi kuti boma la atsamunda likhazikitse msonkho wa nyumba. Msonkhowo unkafuna ndalama, pamene kumudzi kunali chimanga, mbuzi ndi nkhuku. Ntchito ya ndalama inalipo m'minda ya azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, koma malipiro ake anali ochepa, ndipo m'malo ambiri munali thangata. Kum'mwera kwa Zambezi, ku Southern Rhodesia, migodi ndi mapulazi zinkalipira bwinoko, ndipo ku Joni zinkaposa pamenepo. Mnyamata wofuna kukhoma msonkho, kugula nsalu ya mkazi wake, kapena njinga ndi makina osokera, ankadziwa kolowera.

Ambiri ankayenda pansi. Ankadzera ku Dedza kapena ku Mwanza, kulowa m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi cha ku Tete, n'kukatulukira ku Mtoko kapena ku Mount Darwin. Unali ulendo wa milungu ingapo, wa njala, zilombo ndi achifwamba, ndipo ena anathera m'njira. Pambuyo pake kunabwera malole aulere a boma la Southern Rhodesia, amene anthu anangowatcha Ulere, ndiponso bungwe lolemba anthu ntchito lotchedwa Mthandizi. Ofika ankamwazikira ku migodi ya Shamva, Cam and Motor, Globe and Phoenix, ku malasha a ku Wankie, m'mapulazi a fodya ndi m'nyumba za azungu mu Salisbury ndi Bulawayo. Clements Kadalie, Mtonga wa ku Nkhata Bay amene anadzayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919, anayamba wagwirako ntchito ku Shamva. Kamuzu Banda nayenso, ali mnyamata, anayamba waima ku Hartley asanapitirire ku Joni.

Anthu a ku Nyasaland anali ndi chinthu chimodzi chimene chinkawasiyanitsa ndi anzawo ambiri m'makomboni: sukulu. Mishoni za Livingstonia, Blantyre ndi ya Dutch Reformed zinali zitatsegula sukulu zambirimbiri m'midzi, motero ambiri mwa apaulendowa ankadziwa kuwerenga ndi kulemba. N'chifukwa chake ankapeza ukalaliki, ukapitawo ndi ukhukhi. Koma sukulu zomwezo zinali zitawapatsanso chizolowezi chosonkhana Lamulungu, kuyimba nyimbo ndi kuwerenga Malembo. M'kamtolo kawo, pamodzi ndi kampoto ndi bulangeti, munkakhalanso kabuku.

Mapemphero opanda mbusa

Ku Salisbury mipingo inalipo kale. Amethodisti, Angilikani, ansembe achiJezuwiti, onse anali atakhazikika. Koma ankalalikira m'Chishona kapena m'Chingerezi, ndipo munthu wobatizidwira ku Bandawe kapena ku Mvera ankangokhala chete kumbuyo ngati mlendo pa maliro a eni. Choncho akhristu a ku Nyasaland anayamba kusonkhana okha. Wodziwa kuwerenga bwino ankawerenga, wodziwa nyimbo ankayambitsa, amene anali mkulu wa mpingo kumudzi ankalangiza. Chimene sakanatha kudzichitira okha chinali ubatizo, Mgonero ndi kudalitsa maukwati.

Cha m'ma 1905 anatuma nthumwi kubwerera ku Nyasaland kukapempha mbusa. Nthumwizo zinayenda pansi mpaka ku Mvera, ku Dowa, kumene kunali likulu la mishoni ya Dutch Reformed, mtunda wa makilomita oposa 600. Tanthauzo la ulendo wotero limamveka bwino munthu akakumbukira kuti awa anali anthu aganyu ndi antchito apamwezi, amene tsiku lililonse lojomba linali ndalama yotayika. Anapita osati kukatenga mkazi kapena kukalira maliro, koma kukapempha munthu woti aziwanyemera mkate.

Yankho silinabwere msanga. Panapita zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, mpingo wa m'makombonimo ukudziyendetsa wokha. Mu 1912 ndi pamene mbusa T.C.B. Vlok anafika ku Salisbury. Vlok sanali mlendo ku Chinyanja. Ndiye amene pamodzi ndi A.C. Murray anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, ndipo analiponso potsegula Nkhoma mu 1896. Anasiya ntchito imene anaigwira kwa zaka 23 kuno n'kutsatira nkhosa kumene zinapita, ndipo anakhala nazo zaka zina zoposa makumi awiri. M'mbuyo mwake munabwera J. Jackson, kenako M.S. Daneel, amene anadzalemba mbiri ya sinodiyi m'Chichewa.

Mbiri zambiri za mishoni zimayamba ndi mmishonale kufika pamudzi, kupempha malo kwa mfumu, kumanga sukulu, kenako anthu n'kumabwera mmodzimmodzi. Apa zinatembenuka. Anthu ndiwo anayamba, mbusa anapeza mpingo ulipo kale. Kuwerenga chaka cha 1912 ngati chiyambi cha mpingowu, monga mabuku amachitira, n'kulondola pa kaundula, koma kumaphimba zaka zimene akhristu eni ake anausunga popanda wowalipira kapena wowayang'anira.

Pali chinanso chimene chinachitika m'makomboni chisanachitike kumudzi. Kuno mishoni iliyonse inali ndi malire ake ndi chilankhulo chake: Livingstonia kumpoto, Adatchi pakati, Blantyre kum'mwera. Ku Salisbury malirewo analibe ntchito. Mtonga, Mtumbuka, Mngoni, Mchewa, Myao ndi Mlomwe onse ankatchedwa Anyasa, ankagona m'komboni imodzi, ndipo popemphera anafunika chilankhulo chimodzi. Chinyanja ndicho chinawalumikiza. Kumudzi, Livingstonia ndi Blantyre anadzagwirizana kupanga CCAP mu 1924, Nkhoma n'kulowamo mu 1926. Apaulendo anali atayamba kale kukhala pa benchi limodzi. Baibulo lathunthu la Chinyanja, Buku Lopatulika, litatuluka mu 1922, linapeza owerenga okonzeka kutsidya kwa Zambezi.

Mpingo wa amuna okhaokha

Mpingo wotere unali ndi mavuto amene mpingo wa kumudzi sunkawadziwa. Loyamba linali mtunda. Mbusa mmodzi ankayang'anira timagulu tobalalika m'migodi ndi m'mapulazi a dziko lonse, choncho ntchito ya tsiku ndi tsiku inali m'manja mwa alaliki ndi akulu a mpingo. Pambuyo pake Nkhoma inayamba kutumiza abusa achikuda kukatumikira kwa zaka zingapo n'kubwerera. Lachiwiri linali kusakhazikika. Munthu ankatha kukhala m'kalasi ya ubatizo chaka chimodzi, ntchito n'kutha, iye n'kusamukira ku mgodi wina. Apa ndi pamene kalata ya msamuko inakhala chuma. Kapepala kosainidwa ndi mbusa wa kumudzi kankauza akulu a mpingo ku Gwelo kuti munthuyu ndi wobatizidwa, ndi wokwatira, ndipo sali pa chilango.

Koma vuto lalikulu linali la mabanja. Kwa zaka zambiri amene ankapita anali amuna, akazi ndi ana ankatsala. Mwamuna wolonjeza kuti abwera pakatha zaka ziwiri ankatha zisanu, kenako khumi. Makalata ankayamba kuchepa, ndalama n'kusiya kubwera. Kumudzi anapeka dzina la munthu wotero: mtchona. Ambiri mwa matchona sanali anthu oipa. Ena ankachita manyazi kubwerera chimanjamanja, ena anavulala, ena anakwatira Mshona n'kubereka ana amene sakanatha kuwasiya. Akulu a mpingo ku Salisbury ankayenera kuweruza ngati munthu wa mabanja awiri, lina kutsidya lino, lina kutsidya linalo, angalandire Mgonero. Kumudzi nako abusa ndi ansembe ankakumana ndi mayi amene mwamuna wake sanamveke kwa zaka khumi, wofunsa ngati ali pa banja kapena ndi wamasiye. Palibe mpingo m'dziko lino umene unapulumuka ku funso limeneli.

Mabanja atayamba kukhazikika, mpingo unasintha nkhope. Kunabwera Chigwirizano cha amayi, Sande sukulu, makwaya. Pakati pa 1945 ndi 1965 timagulu tija tinakhwima n'kukhala mipingo yoima payokha ku Salisbury, Gwelo, Bulawayo, Highfield, Sinoia ndi Marandellas. Nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, anthu ankayenda mosavuta, ndipo matchalitchi ankadzaza. Mu 1965 mpingowu unakhala sinodi payokha, Sinodi ya Salisbury, yachinayi mu CCAP. Chaka chomwecho Ian Smith analengeza ufulu wa boma la azungu, ndipo posakhalitsa nkhondo inafika m'mapulazi momwe akhristu ambiri a mpingowu ankakhala. Nkhondo ya ku Mozambique nayo inachititsa njira ya ku Tete kukhala yoopsa. Ulusi wolumikiza mpingowu ndi kumudzi unayamba kuwonda.

Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo awa sanakamuke. Anakalambira komweko, ndipo ana ndi adzukulu awo anakula akulankhula Chishona ndi Chindebele. Chichewa chimene chinasonkhanitsa agogo awo chinasanduka chilankhulo cha m'tchalitchi mokha, chomveka m'nyimbo koma chovuta mu ulaliki. Kwa anthu ozungulira, uwu unali mpingo wa Mabhurandaya, ndipo Mshona wofuna kulowamo ankaona ngati akusintha mtundu. Chodabwitsa n'chakuti mishoni ya Dutch Reformed yomweyo inali ndi ntchito ina m'dzikomo pakati pa Akaranga, yoyambira ku Morgenster mu 1891, imene inabala mpingo wina, Reformed Church in Zimbabwe. Mipingo iwiri ya chiphunzitso chimodzi, ya kholo limodzi, m'dziko limodzi, yosiyana chilankhulo basi. Lero Sinodi ya Harare imagwiritsanso ntchito Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Kusiya Chichewa kotheratu kukanakhala kutaya agogo. Kuchiumirira chokha kukanakhala kutaya adzukulu.

Ndipo ngakhale adzukuluwo ankalankhula Chishona ngati eni nthaka, boma silinawaone choncho nthawi zonse. Mapulazi a azungu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri a m'mapulazimo, amene gawo lalikulu linali la ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anataya ntchito ndi pokhala pomwe, popanda mudzi wothawirako. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu obadwira m'dzikomo koma a makolo akunja anapezeka akuwerengedwa ngati alendo, osaloledwa kuvota. Malamulo atsopano oyendetsera dziko a mu 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe amene kholo lawo linali la m'maiko a SADC. Pa zaka zimenezo, kwa ambiri, buku la mpingo linali malo amodzi mwa ochepa pamene dzina lawo linalembedwa popanda funso.

Nanga Akatolika?

Nthawi imene nthumwi zija zinkapita ku Mvera, Mpingo wa Katolika kuno unali wakhanda. Ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, a White Fathers anatsegula Mua mu 1902. Akatolika oyamba kupita ku Halale ndi ku Joni ambirimbiri anadza pambuyo pake, ndipo njira yawo inali ina. Sanayambitse mpingo wawowawo. Anapeza ansembe achiJezuwiti, amene anali ku Chishawasha kuyambira 1892, ndipo analowa m'maparishi a eni dziko monga St Peter's ya ku Mbare.

Chimene chinawathandiza chinali Chilatini. Mkhristu wa ku Nguludi akalowa m'tchalitchi ku Salisbury kapena ku Johannesburg ankapeza Misa yomwe anaisiya kwawo, mawu omwewo, kugwada komweko. Koma Chilatini sichinkafika m'kachipinda kolapira. Munthu sangaulule machimo ake bwino m'chilankhulo chimene amangochidziwira mawu a kuntchito, ndipo wodwala amene ali pafupi kutsirizika amabwerera ku chilankhulo cha mayi wake. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican utatsegula khomo mu 1963 kuti Misa izichitika m'zilankhulo za anthu, aliyense anapindula kwawo, koma mlendo anataya ngakhale chimene anali nacho chija. Misa ya Chizulu kapena Chisotho ndi yachilendo kwa Mmalawi kuposa momwe Misa ya Chilatini inalili kwa agogo ake.

Mpingo unalidziwa vutoli kalekale. Mu 1215, Msonkhano Wachinayi wa ku Lateran unalamula maepiskopi a m'mizinda ya anthu a zilankhulo zosiyanasiyana kuti azipeza ansembe oyenera otumikira gulu lililonse m'chilankhulo chake. Koma amene anaisandutsa nkhaniyi kukhala ntchito yeniyeni anali episkopi wa ku Piacenza, ku Italy, Giovanni Battista Scalabrini. Iye anaona khamu la anthu osauka pa siteshoni ya sitima ku Milan akudikira ulendo wa ku America, monga momwe munthu angaonere pa depoti iliyonse ya mabasi a ku Joni, ndipo anadzifunsa kuti adzawatumikira ndani kumeneko. Mu 1887 anayambitsa chipani cha ansembe otsatira anthu osamuka. Mu 1889, chaka chomwe Murray ndi Vlok ankatsegula Mvera, sisitere Frances Cabrini anafika ku New York kukatumikira anthu a ku Italy. Onse awiri lero ndi oyera: Cabrini mu 1946, Scalabrini mu 2022. Ansembe a chipani cha Scalabrini ali ku Cape Town ndi ku Johannesburg, ndipo ena mwa amene amawatumikira ndi ochokera m'maiko a kuno.

Mu 1952 Papa Pius XII analemba chikalata chotchedwa Exsul Familia, chimene chinaika Banja Loyera lothawira ku Ejipito ngati chitsanzo cha onse osamuka. Malamulo a Mpingo a masiku ano amalola episkopi kukhazikitsa parishi yosatsata malire a dera koma chilankhulo kapena mtundu wa anthu (lamulo 518), ndiponso amalimbikitsa kuti pakhale wansembe wosankhidwira anthu osamuka, othawa kwawo ndi apaulendo (lamulo 568). Apa mpamene pali kusiyana ndi njira ya ku Salisbury ija. Gulu la alendo likhoza kukhala ndi Misa yake, wansembe wake, ngakhale parishi yake, koma limakhala pansi pa episkopi wa komweko, m'dayosizi imodzi ndi eni dziko. Sipangabadwe Mpingo wa Katolika wa Amalawi ku Johannesburg wosiyana ndi wa Azulu.

Njirayi imateteza umodzi, koma si bwino kuinyadira mopitirira. Ili ndi msampha wake. Popeza Mkatolika amauzidwa kuti tchalitchi chilichonse cha Katolika ndi kwawo, n'kosavuta kuti parishi yomutumiza iganize kuti akasamalidwa kumene akupita, ndipo parishi yomulandira iganize kuti poti khomo ndi lotsegula ndiye kuti yamulandira. Pakati pa maganizo awiriwa munthu amasowa popanda womufunsa. Akhristu a ku Salisbury ankadziwa kuti akapanda kudzisonkhanitsa palibe adzawasonkhanitse, ndipo n'chifukwa chake anayenda ulendo wa ku Mvera.

Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 6, likuonetsa kuti dandaulo loyamba mu Mpingo wa ku Yerusalemu linali la mtundu womwewu. Ayuda olankhula Chigriki, amene ambiri anali obwerera kuchokera kunja, anaona kuti amasiye awo akuiwalidwa pogawa chakudya. Malembo sakunena kuti wina anachita dala. Ogawawo ankangodziwana ndi a chilankhulo chawo. Atumwi sanauze odandaulawo kuti aphunzire chilankhulo cha eni mzinda, komanso sanawauze kuti akayambe mpingo wawo. Anasankhitsa amuna asanu ndi awiri, ndipo onsewo, kuyambira Stefano ndi Filipo, ali ndi maina achigriki. Udindo unaperekedwa kwa a m'gulu loiwalidwalo.

Mbali ina ya nkhaniyi ili mu Yeremiya 29, m'kalata imene mneneri analembera Ayuda otengedwa ukapolo ku Babiloni. Iwo ankayembekeza kubwerera mawa lomwe, koma iye anawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatitse ana, ndiponso apempherere mzinda umene akukhalamo. Gulu la alendo limene limangoyang'ana kumudzi, losafuna kuphunzira chilankhulo cha eni dziko kapena kusonkha nawo pa ntchito za parishi, limatha pamodzi ndi m'badwo umene unaliyambitsa.

Khomo lotulukira, khomo lolowera

Ulendo wa Wenela unaima mwadzidzidzi mu 1974, ndege yonyamula antchito a m'migodi itagwa ku Francistown, ku Botswana, pa 4 Epulo, n'kupha Amalawi 74. Boma linaletsa kulemba anthu. Ntchitoyo inadzayambiranso pansi pa dzina la TEBA, n'kutheratu cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Koma anthu sanasiye kupita. Kusiyana kwake n'kwakuti lero palibe kontrakiti, palibe wowalemba m'kaundula, ndipo akupita ndi amayi ndi atsikana omwe. Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, n'kovuta kupeza mphakati umene ulibe banja lokhala ndi mwana ku Joni. Mu 2008 ndi mu 2015 mabasi anabweretsa mu Blantyre muno anthu othawa zipolowe zodana ndi alendo ku South Africa. Ndipo pa chipata cha Mwanza pamadutsa matupi a omwalirira kumeneko, obwera ndi ndalama zosonkherana.

Zosonkheranazo zikuonetsa kuti mzimu wa m'makomboni a Salisbury sunafe. Amalawi kunja amadziwa kupezana pa maliro. Funso n'lakuti parishi imene inawabatiza ikudziwa kumene ali kapena ayi. Nthawi zambiri wachinyamata amanyamuka mwakachetechete, kuopa nsanje kapena kuopa kuti ulendo ukalephereka adzamuseka. Kwaya imangozindikira kuti tenala wina sakubwera. Khadi lake la ubatizo limatsala m'sutikesi ya amayi ake. Pakapita zaka zinayi akufuna kudalitsa ukwati ku Pretoria, wansembe wa kumeneko akufuna chikalata chatsopano cha ubatizo chochokera ku parishi imene anabatizidwira, poti m'buku limenelo ndimo mumalembedwanso za kulimbitsidwa ndi za ukwati, ndipo ndimo mungaoneke ngati munthuyo ndi womasuka. Mnyamatayo sakumbukira chaka, mwina ngakhale tchalitchi chake, poti anabatizidwira kumudzi ali wakhanda. Maukwati ambiri a kunja amakhala osadalitsidwa pa chifukwa chaching'ono chotere. Mphakati umene umalemba maina a anthu ake amene ali kunja, kuwatchula m'mapemphero ndi kuwakumbutsa kunyamula khadi ndi kalata ya bambo mfumu asananyamuke, ukuchita ntchito imene kalata ya msamuko inkachita zaka zana zapitazo.

Blantyre ndi khomo lolowera alendonso. Mzindawu unayamba mu 1876 ngati mishoni ya alendo ochokera ku Scotland, ndipo dzina lake lomwe ndi la mudzi wa kwawo kwa David Livingstone. Limbe inakula ndi njanji, fodya ndi masitolo a amwenye. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lino linasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. Lero m'misika ndi m'mashopu muli anthu a ku Burundi, Rwanda, Congo, Nigeria ndi Tanzania, ndipo ambiri mwa iwo ndi Akatolika obatizidwa ali makanda. Dzina loti Maburundi limagwira ntchito kuno monga Mabhurandaya ku Halale: limaphimba aliyense, kaya kwawo ndi ku Kigali kapena ku Bukavu. Mu 2023, boma litalamula kuti othawa kwawo okhala m'matauni abwerere ku msasa wa Dzaleka ku Dowa, ena mwa amene anakwezedwa m'magalimoto anali anthu amene Lamulungu lapitalo anali pa mzere wolandira Ukaristia.

Maparishi ambiri a m'tauni ali ndi Misa ya Chingerezi, ndipo alendo ambiri amapita ku imeneyo. Koma moyo wa parishi suli pa Misa pokha. Uli m'miphakati, kumene amakonza za maliro, za odwala, za ubatizo wa ana, ndipo kumeneko chilankhulo ndi Chichewa chothamanga. Mayi wa ku Congo wolankhula Chiswahili ndi Chifalansa akhoza kupemphera m'parishi zaka zitatu popanda womuuza kuti nyumba yake ili mu mphakati uti. Mwana wake akadwala usiku sadziwa woimbira foni. Tsiku la anthu osamuka ndi othawa kwawo, limene Mpingo unaliyambitsa mu 1914 ndipo tsopano limakumbukiridwa Lamulungu lomaliza la mwezi wa Seputembala, limadutsa m'maparishi ena ndi pemphero limodzi la mapembedzo, pamene anthu ake akhala pa benchi lachitatu kuchokera kumbuyo.

Pa nkhani yoti mlendo ndi wa parishi iti, malamulo a Mpingo ndi achindunji. Lamulo 102 likuti munthu amene wakhala m'dera la parishi miyezi itatu, kapena amene wafika ndi cholinga chokhala nthawi yotero, amawerengedwa kuti ali ndi pokhala m'deralo. Lamulo 107 likuti kudzera m'pokhala pameneponso munthu amapeza bambo mfumu wake ndi episkopi wake. Malamulowa satchula pasipoti, chitupa kapena chilolezo chogwirira ntchito. Mtsikana wa ku Machinjiri amene wakhala miyezi inayi akugwira ntchito yam'nyumba ku Randburg ali ndi ufulu wopempha masakramenti kwa wansembe wa kumeneko ngati mkhristu wa parishiyo, ngakhale masiku a m'pasipoti yake anatha. Chimodzimodzinso bambo wa ku Bujumbura amene ali ndi okala ku Mbayani: bambo mfumu wa deralo ndi bambo mfumu wake, ndipo dzina lake liyenera kupezeka m'buku la mphakati.